Kodi biti yolemera ya pakompyuta ingayenere kulirira alongo anga?

aPhiri a ku Kapata analemba kuti:

Moni nonse. Ndimakhala ku Kapata muno mu Chipata, ndipo kwa zaka zingapo ndakhala ndikupanga nyimbo pa laputopu ndi pulogalamu ya FL Studio, makamaka za house ndi techno, zimene anthu ambiri kuno amangozitcha nyimbo za ma DJ. Alongo anga aakulu, amene anandilera amayi athu atamwalira, anatisiya m'dzinja lapitali atangodwala masiku ochepa, ndipo chichokereni kumanda sindinathe kupanganso nyimbo yosangalatsa ngakhale imodzi. Chilichonse chimene ndayamba chimatuluka cholemera ndi chamdima, chokhala ndi besi yotsika kwambiri, makiyi atatu kapena anayi obwerezabwereza, ndi ng'oma ya makina yogunda osapuma.

M'foni mwanga munatsala mauthenga a mawu amene ankanditumizira pa WhatsApp. Ambiri ndi a zinthu wamba, monga kundituma tomato ndi kapenta ku Saturday Market kapena kundikumbutsa za ndalama ya sukulu ya ana. Umodzi ananditumizira usiku wina nditachedwa kuntchito, ndipo akungonena kuti, “Ufike msanga, kunja kwada,” kumbuyo kukumveka chivundikiro cha poto chikugwa pansi ndi mwana wawo wamng'ono akuitana. Mawu amenewo ndinawadula n'kuwaika pamwamba pa biti, ndipo ndikamamvera ndekha usiku ndi zomvera za m'makutu ndimalira mmene sindinalirire tsiku la maliro, chifukwa tsiku lija ndinali pa kalikiliki wa bokosi, galimoto ndi ufa wa anthu odzakhuza maliro.

Nkhani yavuta chifukwa atsibweni athu, amene ndi eni mbumba, anaimva nyimboyo atabwera kudzationa kuchokera kumudzi. Sanakalipe, koma anandiuza mofatsa kuti mawu a munthu amene anagona saikidwa pa ng'oma ya m'mabala, ndiponso kuti ngati ndikufuna kuwakumbukira ndi nyimbo ndipite kukwaya. Ndimawalemekeza kwambiri, komabe mtima wanga sukuvomera kuti nyimboyi ndi yachipongwe. Choncho ndikufunsa inu amene mumatsatira nyimbo zamtunduwu: kodi alipo ena amene analirira abale awo ndi nyimbo zovinira za pamakina, ndipo anachita motani kuti zisamveke ngati za phwando? Ndikufunsanso akuluakulu amene ali pano ngati atsibweni akunena zoona.

aMwale a ku Petauke anayankha kuti:

Pepani kwambiri ndi zovutazi, achimwene. Alipo ambiri amene anayenda njira imene mwayambayi, ndipo mbali ina ya nyimbo za pamakina inabadwira pa imfa penipeni. Mu May 1980 Ian Curtis, woimba wa gulu la Joy Division la ku Manchester, anadzipha ali ndi zaka 23, ndipo anzake atatu otsala anapitiriza ndi dzina latsopano la New Order. Pang'onopang'ono anatembenukira ku makina a ng'oma ndi ma synthesizer (zipangizo za makiyi zopanga mawu ndi magetsi), mpaka mu 1983 anatulutsa Blue Monday, imene inavinidwa m'makalabu a maiko ambiri ngakhale kuti maimbidwe ake ndi ozizira ndi odandaula. Mu 1985 anaika pa chimbale cha Low-Life nyimbo yopanda mawu yotchedwa Elegia, yokumbukira mnzawo uja.

Koma zimene zikuyandikana kwambiri ndi ntchito yanu ndi za kampani yaing'ono ya nyimbo ya ku London yotchedwa Hyperdub, imene anaiyambitsa DJ wina wotchedwa Kode9. Kumeneko n'kumene wopanga nyimbo wotchedwa Burial anatulutsira chimbale cha Untrue mu 2007, ndipo ndikukupemphani kuti muchimvere chonse usiku umodzi osadumpha. Anachipanga ndi pulogalamu ya Sound Forge, imene siimuongolera munthu kugunda kwa ng'oma monga imachitira FL Studio yanuyo, n'chifukwa chake ng'oma zake zimatsimphina pang'ono ndipo sizigwa ndendende pamene khutu likuziyembekezera. Mawu a oimba anawadula tizidutswa, ena n'kuwakweza ena n'kuwatsitsa, moti nthawi zina sudziwa ngati ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo pansi pa zonsezo pamamveka mvula ndi kuthetheka kwa mbale yakale ya galamafoni. Ukamamvera zimakhala ngati munthu amene ukumufuna ali m'chipinda china ndipo chitseko n'chotseka. Mu 2014 kampani yomweyi inaferedwa kawiri. Mu April anamwalira DJ Rashad wa ku Chicago, katswiri wa nyimbo zovinira zothamanga zotchedwa footwork, ndipo mu October anamwalira ndi khansa The Spaceape, wandakatulo amene kwa zaka zambiri ankalankhula pa nyimbo za Kode9. Chimbale chimene Kode9 anatulutsa chaka chotsatira, chotchedwa Nothing, chili ndi mawu a mnzake womwalirayo pa nyimbo imodzi yaifupi, ndipo malo ena onse amene akanalankhulapo anangowasiya opanda munthu.

Wina ndi Flying Lotus wa ku Los Angeles, amene anajambula kulira kwa makina a m'chipinda cha chipatala mmene amayi ake ankadwalira, n'kudzagwiritsa ntchito phokosolo pa chimbale cha Cosmogramma cha mu 2010.

Ndikufuna kuti musiyanitse zinthu ziwiri, pakuti anyamata ambiri amazisokoneza. Nyimbo ikhoza kukhala yamdima popanda kukhala yachisoni. Gqom ya ku Durban, imene anthu ngati DJ Lag anaitchukitsa, ndi yolemera ndi yoopsa kumva, koma ndi nyimbo ya mphamvu ndi thukuta, ndipo palibe amene akusowa mmenemo. Pa nyimbo zina zija zimene ndatchula poyamba, chisoni chimamveka chifukwa wopanga anasiya mpata pamene pakanakhala munthu, ndipo anakana kuudzaza ndi zokometsera. Mmene mwafotokozera yanuyo, makiyi ochepa ndi chiganizo chimodzi cha alongo anu, ndikuona kuti mwafika kale pamenepo mwa inu nokha. Za atsibweni ndisiyira akuluakulu.

Amayi NaSakala a ku Madzimoyo anayankha kuti:

Mwana wanga, Mulungu akutonthozeni mtima. Ine ndine wa Chigwirizano cha amayi mu mpingo wa Reformed, ndipo ndagona pa maliro ambiri, choncho mundilole ndilankhule za atsibweni anu, pakuti ndikuona kuti mawu awo ali ndi nzeru imene mwina simunaimve yonse chifukwa cha kuwawa kwa mtima.

Sindikhulupirira kuti kulira kuli ndi njira imodzi yokha. Pasiwa timaimba usiku wonse, ndipo kukamayandikira mbandakucha, anamfedwa atatopa ndi kubuma, nyimbo zimafulumira, timaomba m'manja, ena amaimirira n'kumapondaponda kuti tulo tichoke, ndipo palibe amene amanena kuti tanyoza malemu. Komabe tonse tinakulira m'dziko limene limapatula nthawi ya maliro ndi nthawi ya chisangalalo. Mukumbukira kuti a Kenneth Kaunda atamwalira mu June 2021 boma linalengeza masiku 21 olira, zosangalatsa zinaimitsidwa, ndipo wailesi zinkaimba nyimbo zofatsa. Munthu wamkulu akamva kugunda kumene amakumva madzulo kuchokera kumalo omwera mowa, kenako n'kumva mawu a mwana wa mlongo wake ali pamwamba pake, musadabwe kuti mtima wake wadumpha.

Koma chimene chandigwira ine ndi china. Mwanena kuti kumbuyo kwa mawuwo kukumveka mwana akuitana. Mwanayo ali moyo, ndipo pa mwambo wathu wa Achewa inu ndinu atsibweni ake, amene mudzamuimirire pa za sukulu, pa ukwati ndi pa mlandu. Mawu a alongo anu si anu nokha, ndi a anawo, ndi a alamu anu, ndi a mbumba yonse. Nyimbo ikangochoka m'laputopu mwanu kupita pa foni ya mnzanu mmodzi, mawa ili m'magulu a WhatsApp, mkuja ili pa fulashi ya anyamata oika nyimbo kumsika, kenako ikulira mu minibasi ya ku Mwami kapena pabala, anthu oledzera akubwereza mawu aja moseka chifukwa sadziwa mwini wake. Taganizani mwanayo akuchokera kusukulu n'kumva amayi ake akulankhula pa sipika ya pashopu, iye asanakonzekere, anzake ali pomwepo. Ndikukhulupirira kuti ichi n'chimene atsibweni anu akuopa, ngakhale anachinena mwachidule monga amachitira abambo.

Pitirizani kupanga nyimbo yanu, ndipo lirani nayo mmene mungathere, chifukwa mwamuna amene anatanganidwa tsiku la maliro amafunika malo ake olirira. Koma munthu wakunja asanaimve, khalani pansi ndi alamu anu, atsibweni ndi ana amene akula, muwauze chimene mwachita ndi chifukwa chake. Ine ndikanakonda mutadikira mpaka mwambo wa chiliza utachitika. Akavomera, zikhala bwino, ndipo akakana, mawuwo achotseni pa imene mudzapatse anthu.

aBanda a ku Katete anayankha kuti:

Pepani achimwene. Amayi alankhula zomveka, ndipo ine ndingowonjezera za ng'oma, chifukwa ganizo lakuti munthu salira ndi ng'oma yovinira silichokera kwa makolo athu. Kuno ku Katete, mfumu kapena munthu wolowa gule akamwalira, ng'oma zimalira usiku wonse, vilombo vimatuluka, ndipo kasiyamaliro amabwera kudzaperekeza womwalirayo. Anthu ambiri a m'tauni amaona Gule Wamkulu pa Kulamba ku Mkaika mu August, kapena anamva kuti UNESCO inamulemekeza mu 2005, n'kumaganiza kuti ndi chionetsero cha alendo, pamene ntchito yake yeniyeni ili pa maliro, pa chinamwali ndi pa kulonga ufumu. Pakapita miyezi, pa bona, mowa umafululidwa ndipo gule amavinanso kuti mzimu ukakhazikike kwa makolo. Anzathu Angoni a kwa Mpezeni nawonso ali ndi ingoma, imene kugunda kwake kumachokera ku mapazi a amuna oponda pansi nthawi imodzi, ndipo imavinidwa pa maliro a anthu aakulu monga imavinidwira pa Nc'wala ku Mtenguleni.

Amene anachezerapo pa gule wa maliro amadziwa chifukwa chake kugunda kobwerezabwereza kumathandiza. Ng'oma zina zimagwira kayendedwe kamodzi osasintha kwa nthawi yaitali, pamene ng'oma yotsogolera ya mbalule imalankhula ndi mapazi a wovina, ndipo munthu wosweka mtima amapeza chinthu chokhazikika chimene thupi lake lingatsatire pa nthawi imene maganizo ake ali balalabalala. Ndikamawerenga za ng'oma yanu ya makina yogunda osapuma, sindikuona chachilendo.

Kusiyana kwake kuli apa: ng'oma ya maliro ili ndi mwini, ili ndi bwalo, ndiponso ili ndi nthawi yake. Mfumu imayamba yavomereza, onse obwera amadziwa amene akumulira, ndipo mwambo ukatha ng'oma zimasungidwa. Nyimbo ya pakompyuta ilibe bwalo, imalira paliponse pamene pali sipika, ndipo ndikuganiza kuti ntchito imene yakutsalirani ndi kuipezera bwalo lake, kaya ndi pakhomo tsiku la chikumbutso, kaya ndi usiku umodzi wa inu ndi anzanu amene ankawadziwa malemu. Kwa atsibweni mupite nokha kumudzi, musalankhule nawo pa foni, ndipo muwauze zimene mwatiuza ife, kuti simunapeze mpata wolira tsiku lija. Ndikupempheninso kuti musatenge ng'oma za gule zojambulidwa n'kuziika m'nyimbo yanu popanda chilolezo cha eni dambwe, chifukwa pamenepo mungaputenso mlandu wina.

aPhiri a ku Kapata anayankha kuti:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka amayi pa nkhani ya ana. Nyimboyo sinatuluke m'laputopu mwanga, ndipo mwezi ukatha ndipita kumudzi nditayamba ndaonana ndi alamu anga. Ndatsala ndi funso la kapangidwe. Ndi zomvera za m'makutu zonse zimamveka bwino, koma nditayesa pa sipika ya Bluetooth mawu a alongo anga anamira, besi inasowa, ndipo chimene chinatsala ndi kugunda kouma kofanana ndi nyimbo ina iliyonse ya phwando. Ngati banja lidzavomera kuti tiimvere limodzi, sindikufuna kuti idzamveke choncho.

aTembo a ku Mchini anayankha kuti:

Pepani ndi maliro, achimwene. Ine ndimaimba nyimbo pa maukwati ndi masipika anga, ndipo ndimapanganso zanga, choncho ndiyankha za kapangidwe zokha.

Yambani ndi liwiro. Techno yambiri imathamanga pa 130 BPM (kugunda ka 130 pa mineti imodzi) kapena kupitirira, pamene amapiano imayenda cha m'ma 112. Nyimbo yonga yanuyi ndingaiike pakati pa 116 ndi 122, pamene thupi limagwedezeka koma silikakamizika kudumpha. Kenako chotsani zinthu zimene makutu athu anazolowera kuti ndi chizindikiro cha phwando, monga hi-hat (timbale tachitsulo ta pa ng'oma) yotseguka yolira pakati pa kugunda kulikonse, kuomba m'manja kowala, ndi phokoso lija lokwera pang'onopang'ono lolonjeza kuti biti ikubwera mwamphamvu. Kick, ng'oma yaikulu yogunda pansi ija, ikhale yofewa, muidule mbali ya pamwamba ndi filter (chosefera mawu) kuti izimveka patali pang'ono. Mungathenso kusuntha ng'oma zina ndi dzanja kuti zisagwe ndendende pa mzere, monga aMwale afotokozera za Burial.

Besi yasowa chifukwa imene mwaikayo ili pansi kwambiri, cha m'ma 40 mpaka 60 Hz (muyeso wa kutsika kapena kukwera kwa mawu), ndipo sipika yaing'ono kapena foni singathe kuitulutsa. Ikani saturation (yowonjezera kakukhakhala m'mawu) pang'ono pa besiyo, kapena muwonjezere ina yofewa yokwera ndi octave imodzi (noti yomweyo koma ya pamwamba), kuti khutu lizimva kayendedwe kake ngakhale pa sipika ya m'thumba. Anthu ambiri a m'banja mwanu adzaimvera pa zipangizo zotere, choncho muziyesa pa foni nthawi zonse musananene kuti mwamaliza.

Za mawu ndiye zofunika kwambiri. Kuti mawu a munthu amveke bwino, mbali yofunika ili pakati pa 300 ndi 3000 Hz, ndipo makiyi anu ali pomwepo, n'chifukwa chake akuwamiza. Tsitsani makiyiwo ndi EQ (chokwezera kapena chotsitsira mbali zina za mawu) pamalo amenewo, kapena muike sidechain yoti mawu akayamba makiyi azitsika okha. Koposa zonsezi, zimitsani kick pamene alongo anu akulankhula, alankhule pa makiyi okha kapena pa chete, ndipo ng'oma ibwerere iwo atamaliza. Musawaongole ndi Auto-Tune (pulogalamu yoongola maimbidwe), musawakweze kapena kuwatsitsa, ndipo reverb (kumveka ngati ali m'chipinda chachikulu) ikhale yochepa, chifukwa amene ankawadziwa akufuna kumva munthu wawo mmene ankalankhulira. Chivundikiro cha poto chija musachichotse. Fred again.. wa ku London anapanga zimbale zake za Actual Life, zimene zinayamba kutuluka mu 2021, ndi mawu a anthu ojambulidwa pa foni, ndipo mphamvu yake ili pa kuwasiya ndi phokoso la malo amene anajambulidwira. Musawabwereze kambirimbiri. Chiganizo chikabwerezedwa pa kugunda kulikonse chimasanduka kolasi yoti anthu aziimba, chimene ndi chomwe amayi a ku Madzimoyo akuchenjeza. Kawiri kapena katatu m'nyimbo yonse n'kokwanira.

Musadzaze nyimboyo ndi zinthu zomvetsa chisoni poopa kuti anthu sadzamva. Mpura ndi Killer Kau, oimba amapiano a ku South Africa, atamwalira pa ngozi ya galimoto mu August 2021, ndinkaona pa maphwando kuti nyimbo zawo zikalira achinyamata ena ankavina nkhope zili zogwa, pamene nyimbozo sizinasinthe ngakhale pang'ono. Amene akudziwa womwalirayo amabwera ndi chisoni chawo, ndipo banja lanu lidzabwera nacho chochuluka.

Lero lomwe tulutsani mauthenga onse a mawuwo m'foni, muwasunge pa laputopu, pa fulashi ndiponso mudzitumizire pa imelo, chifukwa foni ikabedwa kapena ikafa popanda backup simudzawapezanso. Pulojekiti yanu muziisunga pafupipafupi, poti magetsi amathima mosachenjeza ndipo batire la laputopu yakale silidalirika. Mawu a alongo anu akhale pa mzere wawowawo mu mixer, osasakanizidwa ndi chida china chilichonse, kuti banja likadzakana muzangotseka mzere umenewo n'kutulutsa nyimbo yopanda mawu popanda kuphwasula ntchito yonse.